Hita ya gasi m'kanyumba kakuseri isamagone yokha

Kuno ku Scotland, Disembala akamayandikira, nkhani m'nyumba zambiri imakhala ya mapaipi. Madzi akaundana amafufuma ndi pafupifupi 9 peresenti, ndipo paipi ya kopa siingapirire. Imang'ambika usiku popanda phokoso, mwini nyumba n'kudzadziwa tsiku lomwe kunja kwayamba kufunda, madzi ali ponseponse. Ku Northern Ireland kumapeto kwa 2010, nyumba pafupifupi 40,000 zinasowa madzi chifukwa cha zomwezi.

Nyumba yaikulu siidetsa nkhawa, muli anthu ndipo boila imayaka. Vuto ndi garaja kapena shedi momwe ambiri a ife tinaikamo makina ochapira ndi sinki. Abale ena amagula hita ya gasi yamateyala ija, kuiyatsa madzulo, kutseka chitseko, n'kupita kukagwira shifiti ya usiku kosamalira okalamba. Zimenezi ine ndimatsutsana nazo, ndipo ndimawauza pamaso.

Tiyambe ndi gasi weniweniyo. Hita zoterezi zimayendera botolo la buluu la butane. Kukazizira kufika pa madigiri 0, butane satulukanso bwino m'botolo. Lawi limafupika, limaphethira, kenako limazima, pa ola lomwelo limene paipi ikufuna kutentha. Propane wa m'botolo lofiira amapirira mpaka -42, koma botolo lakelo malo ake ndi panja, ndipo wolumikiza azikhala mmisiri wolembetsedwa ku Gas Safe Register, osati mnzathu wodziwa kugwira sipanala.

Chomwe chimandisowetsa tulo kwenikweni ndi mpweya. Hita yopanda chumuni ikamayaka m'chipinda chotseka imadya mpweya wabwino, ndipo ikayamba kuyaka moperewera imatulutsa carbon monoxide, yemwe alibe fungo kapena mtundu. Ndi yemwe uja amapha anthu kwathu mu Juni akalowetsa mbaula m'chipinda chogona. Mwana wotumidwa m'mawa kukatenga zovala m'shedimo ndiye woyamba kumupuma. Mukaona lawi lasanduka lachikasu m'malo mwa buluu, kapena mwaye pakhoma, zimitsani pomwepo.

Pali malo ena, monga khola la ziweto kapena shedi yogwiriramo ntchito, komwe madzi sangatsekedwe ndipo kutenthetsa n'kosapeweka. Kumeneko pafunika hita yokhomedwa kukhoma, yotulutsira utsi panja, yodziyatsa yokha kuzizira kukafika pa madigiri 5. Pafunikanso alamu ya carbon monoxide, ndi kachipangizo koyeza kutentha kotumiza uthenga pa foni. Koma onani pomwe mukukaika. Ndaonapo kena katapachikidwa pafupi ndi hita, kakuonetsa kuti zonse zili bwino, pamene paipi yodutsa pansi pafupi ndi chitseko, pomwe mphepo imalowera, inali itauma gwa. Kamangirireni pa paipi yeniyeniyo, pakona yozizira kuposa zonse.

Ngakhale zitatero, foni siingatseke mpopi. Uthenga ukafika pakati pa usiku inu muli kuntchito, kapena muli ku Lilongwe kudya Khirisimasi ndi makolo, adzapite kukaona ndani? Magetsi akathima ndi mphepo yamkuntho, intaneti imathima nawo, ndipo kachipangizo kaja kamangokhala chete ngati palibe vuto. N'chifukwa chake ndimati musanagule chilichonse, yambani mwagogoda kwa aneba. Apatseni kiyi, aonetseni pomwe pali valavu yotsekera madzi, muipotokole muli limodzi kuti mutsimikize kuti siinachite dzimbiri.

Kwa ambiri a ife, amene shedi yathu ili ndi sinki ndi makina ochapira basi, gasiyu n'ngosafunika n'komwe. Kutani mapaipi ndi thovu lija amagulitsa ku B&Q, osasiya mpata pamakona. Akalengeza kuti kubwera chisanu choopsa, tsekani valavu ya paipi yopita kushedi, tsegulani mpopi wa m'katimo mpaka madzi onse atuluke, ndipo sabata imeneyo zovala mukachapire kolipira.