Mphamvu za a Khonsolo pa Nthawi ya Mliri Zili ndi Malire Ake

Mvula ikayamba, nkhani ya kolera imabwereranso m'makomboni. Pamodzi ndi matendawa pamabwera malamulo okhwima: misika kutsekedwa, maliro kufupikitsidwa, zitsime kukwiriridwa. Mabanja ambiri amafunsa kuti kodi mphamvu zoterezi a Khonsolo ndi a zaumoyo amazitenga kuti?

Mphamvuzi zimacokera m'malamulo a dziko. Lamulo la Public Health Act limalola Nduna ya Zaumoyo kulengeza kuti dera lagwidwa ndi mliri ndi kuika malamulo apadera m'deralo. Limalolanso oyang'anira zaukhondo kulowa pamalo kukaona zimbudzi ndi madzi, kulanda cakudya coipa ndi kupatula odwala. Lamulo lina, la Disaster Management Act la mu 2010, linapatsa Mtsogoleri wa dziko mphamvu zolengeza tsoka, monga momwe a Hakainde Hichilema anacitira pa cilala mu February 2024. Lamuloli linakhazikitsanso makomiti oona za ngozi m'maboma onse.

Zimene zinacitika ku Lusaka zipereka phunziro. Kolera itabuka mu October 2017, Boma linatulutsa Statutory Instrument No. 79 ya caka comweco. Misonkhano inaletsedwa, masukulu anacedwa kutsegulidwa, ndipo asilikali anatumidwa kukayeretsa misika ndi kucotsa ogulitsa m'miseu. Mu January 2018 anthu a ku Kanyama analamulidwa kusatuluka panja kuyambira 18:00 mpaka 06:00. Patangopita masiku ocepa, m'komboniyo munabuka cipolowe cifukwa anthu amene amadya za tsiku lomwelo anasowa pogwira. Pamene mliriwo unkatha mu 2018, anthu oposa 5,000 anali atadwala.

Malamulowo anali oyenera. Kolera imayenda ndi madzi ndi cakudya zimene zakhudzana ndi cimbudzi ca wodwala, ndipo ingathe kupha munthu wamkulu pa maola ocepa. Banja lobisa wodwala m'nyumba, kapena losambitsa mtembo ndi kuphikira khamu pamaliro, liika komboni yonse pangozi. Apa palibe cokanira.

Koma lamulo lomwelo lopatsa a Khonsolo mphamvu liwapatsanso nchito. Public Health Act iwalamula kusunga mzinda waukhondo ndi kuteteza madzi amene anthu amamwa, caka conse. Wokwirira citsime ayenera kuyamba wabweretsa thanki ya madzi abwino. Apo ayi mai wa pakhomopo adzakumba cina usiku. Wocotsa wogulitsa tomato pamseu ayenera kumuonetsa malo ena okhala ndi cimbudzi ndi mpopi. Ndiponso palibe lamulo lolola wanchito wa Boma kumenya munthu, kulandira ciphuphu kapena kutengera kwao katundu wolandidwa.

Tero mabanja a ku Mchini, Nabvutika, Kapata ndi makomboni ena acite mbali ziwiri. Yoyamba ndi kumvera: kuwiritsa madzi kapena kuthiramo klorini, kusamba m'manja ndi sopo, ndi kuthamangira naye ku kiliniki wotsegula m'mimba uku akumwa madzi a ORS panjira. Yaciwiri ndi kufunsa mwaulemu. Wobwera kudzatseka malo aonetse ciphaso cake ca nchito, anene lamulo limene akutsata, ndipo wolipira faindi apatsidwe lisiti ya Khonsolo. Wolakwiridwa akadandaule kwa khansala wa wadi yake kapena ku ofesi ya District Commissioner.

Mliri wa 2023 mpaka 2024, umene unasandutsa bwalo la National Heroes Stadium kukhala cipatala, unaonetsa kuti kuyeretsa kwa masabata ocepa sikukwanira. A Khonsolo afunsidwe za ngalande, zinyalala ndi mipopi mu August ndi September, mvula isanagwe ndipo wodwala woyamba asanagonekedwe.