Mahandulo a Njinga Yamoto Atsate Thupi la Woyendetsa

Masiku ano njinga zamoto zafika m'midzi yambiri ya m'Malawi. Zimanyamula odwala ndi amayi oyembekezera kupita nawo ku chipatala, ndipo alangizi a zaumoyo amayendera zomwezo pokafika kumidzi yakutali. Koma amene amaziyendetsa tsiku lonse, makamaka anyamata a kabaza, kawirikawiri amadandaula msana, khosi, mapewa ndi dzanzi m'zala. Ambiri amangogula mapilitsi opha ululu, m'mawa mwake nkukweranso njinga yomweyo. Mapilitsi amatonthoza ululu kwa maola ochepa, koma sachotsa gwero lake ngati gwerolo lili pa mahandulo.

Mahandulo akakhala patali kapena pansi kwambiri, woyendetsa amawerama, manja ali tantha, ndipo thupi lake limatsamira pa zikhato. Njinga ikagwa m'dzenje kapena ikamadutsa pa msewu wa mabampu, kugwedezeka konse kumakwera m'mikono mpaka m'mapewa ndi m'khosi. Akakhala pamwamba kwambiri, mapewa amakhala chinyamulire ndipo amatopa msanga. Pa mfundo yolumikiza dzanja ndi mkono pamadutsa mtsempha umene umapereka mphamvu ya kumva ku chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati. Mfundoyi ikakhala yopindika nthawi yaitali, mtsemphawo umapanikizika, ndipo zala zimachita dzanzi. Zala zadzanzi zimachedwa kugwira buleki, ndipo pamenepa vutolo lakhudzanso wokwera kumbuyo ndi mwana wodutsa pa msewu.

Kakhalidwe koyenera nkosavuta kukadziwa. Munthu akhale pa mpando monga amakhalira poyenda, msana uli wowongoka, mapewa atagwa momasuka. Akagwira mahandulo, zigongono zikhale zopindika pang'ono, ndipo mkono ndi dzanja ziyende mzere umodzi. Akakhotetsa mahandulo mpaka kumapeto, kumanja ndi kumanzere, asadzuke pa mpando kapena kupanitsa chala pa thanki.

Kukonza kwake sikufuna ndalama zambiri. Njinga zing'onozing'ono zambiri zili ndi mahandulo a mamilimita 22 kunenepa kwake, omangidwa pakati ndi mabawuti 4. Njinga iimikidwe pa malo osalala, injini itazimitsidwa. Poyamba alembe chizindikiro pamene mahandulo ali, kuti athe kuwabwezera ngati sizinayende bwino. Kenaka amasule mabawuti pang'ono chabe, asunthe mahandulo pang'onopang'ono cha kwa iye kapena kutsogolo, ndi kumanganso mabawuti onse zolimba. Zitsulo zofinya za buleki ndi kilachi zitsitsidwe kapena kukwezedwa kuti zala zizifikapo popanda kupinda dzanja, ndipo magalasi awongoledwenso. Pomaliza aone kuti mawaya sakukokeka pokhota. Injini ikamalira kwambiri yokha pamene mahandulo akhotetsedwa, waya wa mafuta wakokeka, ndipo njingayo isayende mpaka atakonza. Amene alibe sipanala yoyenera apite kwa makaniko, pakuti safunsa anadya phula.

Ena amanena kuti njinga iyenera kukhala monga inachokera ku fakitale. Nzoona kuti chizindikiro cha fakitale ndi poyambira pabwino, koma anthu amasiyana msinkhu ndi kutalika kwa mikono. Mwini njinga amene amaibwereketsa kwa mnyamata wa kabaza achita bwino kumlola kuikonza molingana ndi thupi lake, chifukwa wantchito wodwala msana sabweretsa ndalama madzulo. Chosayenera ndi kupinda mahandulo chifukwa chofuna kuoneka bwino pa siteji. Chimodzimodzinso mahandulo amene anapindika pa ngozi: kuwawongola ndi nyundo kapena moto kumafooketsa chitsulo, ndipo chingathyoke pa ulendo. Otere ayenera kusinthidwa.

Komabe si ululu wonse umene umachokera ku njinga. Dzanzi likapitirira ngakhale munthu atapumula, likamamdzutsa usiku, kapena zinthu zikamapulumuka m'manja, apite ku chipatala, pakuti matenda a shuga ndi khate amayambitsanso dzanzi. Msana ukamapweteka pamodzi ndi kufooka kwa miyendo kapena kulephera kusunga mkodzo, afike kwa dokotala tsiku lomwelo.

Woyendetsa wanzeru amaima pakapita ola limodzi kapena awiri, natambasula mikono ndi msana, ndipo saiwala chisoti chake ndi cha wokwera. Munthu amasankha khasu la mpini womuyenera asanapite kumunda. Njinga yamoto ndi khasu la wakabaza, ndipo ntchito ya mphindi zochepa ndi sipanala ingamsungire msana umene banja lake lonse limadalira. Kupewa kumaposa kuchiza.