Musanadzudzule kampani ya intaneti, yang'anani rauta yanu

Mwezi wathawu ndinkawerengera malipiro a antchito pa kompyuta ya ku ofesi ndili kunyumba, kudzera pa Remote Desktop. Sikirini inangoti nji, kamuvi ka mausi osasunthanso, kenako uthenga woti ikuyesa kulumikizanso. Kanayi mu ola limodzi. Mtima unandiwawa, chifukwa anthu ankadikira ndalama zawo.

Ambirife timathamangira kudzudzula kampani ya intaneti. Ine ndikuti tiziyamba tafufuza m'nyumba mwathu momwemo. Remote Desktop sili ngati YouTube yomwe imasungiratu kanema patsogolo. Netiweki ikangoduka masekondi ochepa, mumaziona pompo.

Ndinatsegula Command Prompt n'kulemba ping -t ndi adiresi ya rauta, yomwe kwathu ndi 192.168.1.1. Mayankho ankaduka nthawi yomweyo sikirini ikauma. Apa ndinadziwa kuti vuto lili pakati pa laputopu ndi rauta, osati kunja. Rautayo inali pansi, kuseri kwa khoma la njerwa, pafupi ndi microwave. Rauta ndi microwave zonse zimagwira pa 2.4 GHz, pomwenso ma Wi-Fi a maneba athithikana. Rautayo ndinaikweza pashelefu n'kusamukira ku 5 GHz, yomwe imathamanga koma siboola makoma bwino, choncho tebulo ndinalisendeza pafupi. Mu Device Manager ndinaletsanso Windows kuzimitsa Wi-Fi pofuna kusunga batire.

Inu mabwana amene mumalola antchito kugwirira kunyumba, chonde aguleni waya wa Ethernet. Ine tsiku la malipiro ndimalumikiza wayayo, Wi-Fi n'kuthimitsiratu.