Magazi a ana athu akupita kuti?



Teremu yapitayi, tsiku lomwe achipatala anabwera kudzatenga magazi kwa ophunzira ofuna kupereka, foni ya kuofesi sinapume. Bambo ena anaimba kuti mwana wawo asayandikire n'komwe kuholo. Mayi ena anachita kubwera okha pa kabaza, nakhala pa benchi ya panja mpaka galimoto ija itanyamuka. Titawapatsa moni n'kuwafunsa chomwe chavuta, anatibwezera funso: "Aphunzitsi, magazi amenewa akupita nawo kuti? Inuyo munakaonako kumene amakathera?" Tinawayankha mothamanga chifukwa belu linali litalira, ndipo tikuvomera kuti yankho lathu tsiku limenelo linali loperewera. Ophunzira omwe anapereka magazi anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi omwe analembetsa.

Maganizo athu ife aphunzitsi sitiwabisa. Tikufuna ana athu ofika msinkhu azipereka magazi, ndipo tikufuna mabanja athu asamathawe kafukufuku wa kuchipatala chifukwa cha mphekesera. Koma funso la mayi aja si la umbuli, ndipo amene amaliseka ndiye akuonjezera vutoli.

Tiyambe ndi thumba la magazi lenilenilo. Wofuna kupereka amayamba wakwera sikelo ndi kubayidwa pachala kuti aone ngati iye mwini ali ndi magazi okwanira. Wosakwana zaka 16 sapereka. Amatengako mamililita 450, osakwana theka la lita, pa malita pafupifupi 5 omwe munthu wamkulu amakhala nawo. Thupi limabwezeretsa lokha, gawo lamadzi m'masiku awiri ndipo lotsalalo m'masabata angapo, n'chifukwa chake mnyamata amadikira miyezi itatu ndipo mtsikana inayi asanaperekenso. Thumbalo limapita ku labotale ya Malawi Blood Transfusion Service, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 2003 ndipo lili ndi nthambi ku Blantyre, Balaka, Lilongwe ndi Mzuzu. Kumeneko amaona gulu la magaziwo, kaya ndi A, B, AB kapena O, n'kuwayeza HIV, chindoko ndi matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C. Opezeka ndi matenda saperekedwa kwa wodwala. Abwinowo amakasungidwa m'mafuliji a zipatala, ndipo sakhalitsa: pakatha masabata pafupifupi asanu ntchito yawo yatha. Magazi sangakololedwe kamodzi n'kuikidwa m'nkhokwe ngati chimanga.

Apa ndi pamene sukulu zimalowera. Gawo lalikulu la magazi omwe bungweli limatolera limachokera kwa ophunzira a m'masekondale ndi m'makoleji. Sukulu zikatsekera mu December magazi amachepa, ndipo ndi nthawi yomweyo mvula imagwa, udzudzu n'kuchuluka, wodi ya ana n'kudzaza ndi odwala malungo omwe zikhatho zawo zayera. Amayi otaya magazi pochira nawonso sadikira kuti sukulu zitsegulire. Fuliji ikakhala yopanda kanthu, gadiyani amauzidwa kuti akafune achibale. Ambiri a ife tinaonapo m'bale ataima pakhomo la mzikiti pambuyo pa swala ya Isha, akupempha aliyense wa gulu O kuti athamangire kuchipatala. Usiku ngati umenewo palibe amafunsa za mphekesera.

Nanga kafukufuku? Kumeneko ndi kumene mantha amakula, chifukwa namwino amatenga magazi m'kabotolo kwa mwana yemwe auzidwa kale kuti magazi ake ndi ochepa. Kholo lililonse lingadabwe. Komabe taonani zomwe timabotolo timeneti tinaphunzitsa madokotala m'dziko lathu lino. Kwa zaka zambiri anthu ankaganiza kuti mwana wochepa magazi kwambiri akusowa ayironi basi. Ofufuza atayeza ana 381 odwala chonchi ku Blantyre ndi ku Chikwawa, n'kuwayerekeza ndi ana ena, zotsatira zomwe zinatuluka mu 2008 zinaonetsa kuti kusowa ayironi sikunali gwero lalikulu. Zinapezeka kwambiri zinali malungo, tizilombo tolowa m'magazi, njoka za m'mimba, HIV ndi kusowa mavitamini A ndi B12. Ndiye kuti mwana wongopatsidwa mapiritsi a ayironi n'kubwezedwa kunyumba akhoza kubwerera ndi matenda ake onse.

Kenako panabwera kafukufuku wa TRACT, yemwe anachitika m'zipatala zitatu za ku Uganda ndi pa Queen Elizabeth, ku Gulupu kuja, ndipo munalowa ana 3,983. Zotsatira zake zinatuluka mu 2019. Anapeza kuti mwana yemwe mlingo wa magazi ake uli pakati pa 4 ndi 6, koma alibe zizindikiro zoopsa, sikuti amafunika kuikidwa magazi pompopompo, bola aziyang'aniridwa ndi kuyezedwa pafupipafupi. Pafupifupi theka la ana omwe anadikiritsidwa motere anatuluka osaikidwa magazi n'komwe. Anapezanso chinthu chomwe palibe ankachiyembekezera: mwana wosatentha thupi amapulumuka kwambiri akaikidwa mamililita 30 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake m'malo mwa 20, pamene kwa mwana wotentha thupi mlingo waukuluwo umaonjezera chiopsezo cha imfa. Choyezera kutentha chabe chikhoza kuuza dokotala mlingo woyenera. M'dziko losowa magazi ngati lathu, thumba lomwe wophunzira wa Fomu 3 wapereka litha kupita kwa mwana amene akulifunadi. Nzeru imeneyi sinagwe kumwamba. Inachokera kwa makolo omwe anavomera, mwana ali gone pabedi, kuti alowe m'kafukufuku.

Tikanena zimenezi sitikuti mantha alibe pochokera. Tonse tikukumbukira 2017, pamene nkhani ya anamapopa inabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kufalikira mpaka mu Blantyre. Anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu olusa, bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena, ndipo azaumoyo ena anasiya kupita m'midzi. Palibe namapopa ndi mmodzi yemwe amene anapezeka ndi magazi a munthu. Omwe anafawo anali anthu wamba oganiziridwa chabe. Koma m'zaka zomwezo abale athu achialubino ankaphedwadi chifukwa cha ziwalo zawo, mpaka Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa lamulo la Anatomy Act mu 2016. Munthu yemwe wamva zonsezi pa wailesi imodzi, simungamudzudzule akasokoneza chigawenga cha usiku ndi namwino wa masana.

Ofufuza nawo anapalamulapo. Mu 1996 mliri wa matenda oumitsa khosi unagwa mumzinda wa Kano, kumpoto kwa Nigeria, komwe anthu ambiri ndi Asilamu anzathu. Kampani ya Pfizer inachita kafukufuku wa mankhwala a Trovan pa ana pafupifupi 200. Ana 11 anamwalira, ena analumala, ndipo makolo anadandaula kuti sanauzidwe bwinobwino kuti ana awo akuyeseredwa mankhwala. Kampaniyo inati matendawo ndiwo anapha anawo, koma mu 2009 inavomera kulipira madola 75 miliyoni pothetsa mlandu ndi boma la Kano. Chomvetsa chisoni kwambiri ndi chomwe chinatsatira. Mu 2003 atsogoleri a kumeneko anaimitsa katemera wa poliyo, ndipo nkhani ya Trovan inali pakamwa pa anthu ambiri okana katemerayo. Poliyo inabwerera m'maiko omwe anali ataithetsa kale, mpaka kukafika ku Yemen ndi Indonesia. Ana a ku Kano anapwetekedwa kawiri: poyamba chifukwa makolo sanafunsidwe, kenako chifukwa makolo anakana zonse.

Ife tikuona kuti njira yoyenera banja lachisilamu ndi kufunsa, ndipo malamulo a dziko lino ali kumbali ya wofunsayo. Kafukufuku aliyense wokhudza anthu amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa olowamo, monga COMREC ya ku Kamuzu University of Health Sciences kapena National Health Sciences Research Committee. Choncho wina akakubweretserani fomu m'wodi, mufunseni kuti ndi komiti iti yavomereza. Mufunseni kuti atenga magazi ochuluka bwanji ndiponso kangati, akasungidwa kuti, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo ngati adzatumizidwa kunja. Funsani ngati mudzauzidwa zotsatira, komanso amene adzasamale mwana akapwetekeka. Fomuyo iyenera kufotokozedwa m'chilankhulo chomwe mukumva, Chichewa kapena Chiyao, ndipo wosadziwa kulemba sadinda chala popanda mboni. Mutha kukana, mutha kuvomera lero n'kutuluka mawa, ndipo mwana wanu adzalandirabe chithandizo chake chonse. Ndalama ya thiransipoti yomwe ena amabwezeredwa si mtengo wa magazi. Tikudziwa kuti si onse ogwira ntchito amafotokoza modekha. Mmodzi wa ife anapatsidwapo fomu pachipatala china ndi mawu akuti "ingosainani apa". Sanasaine mpaka atamuwerengera yonse, ndipo anachita bwino. Wofufuza amene akwiya ndi mafunso anu wakupatsani kale chifukwa chokanira.

Makolo ena amadandaula za chipembedzo, kuti magazi ndi najisi ndipo thupi ndi amana yomwe Allah anatisungitsa. Mashehe athu ndiwo oyenera kulongosola izi mwakuya, ife tingotchula zomwe zinagamulidwa poyera. Mu February 1988, maulama a International Islamic Fiqh Academy atakumana ku Jeddah anagamula kuti n'kololedwa kupatsa munthu wina gawo la thupi lomwe limabwerera lokha, monga magazi ndi khungu, ngati woperekayo wavomera ali ndi nzeru zake. Analolanso kutenga chiwalo cha womwalira kuti chipulumutse wamoyo, pokhapokha mwini wake anavomera asanamwalire kapena abale ake avomera. Kugulitsa ziwalo anakuletsa kotheratu. Pa ziwalo za womwalira alipo maulama ena, makamaka a ku India ndi Pakistan, omwe sagwirizana nazo, ndipo sitikufuna kunamizira kuti onse amalankhula chimodzi. Kuno kwathu nkhani ya ziwalo imatifika kawirikawiri kudzera pa impso, pamene wodwala wotopa ndi makina osefera magazi afunika kupita kunja, nthawi zambiri ku India, ndi m'bale wake womupatsa impso imodzi. Koma pa kupereka magazi populumutsa wodwala, maulama ochuluka zedi amavomereza, ndipo ambiri amaiona ngati sadaka.

Chovuta kwambiri kwa ife ndi kupima thupi la malemu. Timasambitsa, timaveka sanda, timaswalira janaza ndi kuika m'manda tsiku lisanathe, ndipo mtembo timaupatsa ulemu wofanana ndi wamoyo. Sitingauze banja lolira kuti livomere. Tingofuna lidziwe zomwe mabanja ena anapatsa ana athu atavomera. Pa Queen Elizabeth, gulu lotsogozedwa ndi Dr Terrie Taylor linapima matupi a ana omwe ankaganiziridwa kuti afa ndi malungo a muubongo. Mu 2004 linaulula kuti mwa ana 31, ana 7 anafa ndi matenda ena ngakhale anali ndi tizilombo ta malungo m'magazi. Linapezanso kuti dokotala akasuzumira mkati mwa diso la mwana wokomoka atha kusiyanitsa malungo enieni a muubongo ndi matenda ena, mwanayo adakali moyo. Masiku ano ilipo njira ina yosang'amba thupi: amatenga tizidutswa ting'onoting'ono ndi singano, ndipo thupi limabwezedwa msanga kwa eni ake. Njirayi inayesedwa ku Manhiça ku Mozambique, ndipo ikugwiritsidwa ntchito pofufuza imfa za ana ngakhale ku Mali ndi Bangladesh, maiko a Asilamu ochuluka. Banja likapemphedwa zimenezi, lili ndi ufulu woitana shehe wawo, kufunsa kuti zitenga maola angati, n'kuyankha inde kapena ayi popanda wolikakamiza.

Kwa inu ophunzira, ntchito yanu m'nkhaniyi ndi yaikulu kuposa kutambasula mkono. M'nyumba zambiri ndinu amene mumawerenga Chingerezi, ndinu mwaphunzira m'kalasi ya Biology kuti magulu a magazi ndi chiyani. Agogo akapatsidwa fomu, awerengereni yonse, osadumpha mizere yovuta, ndipo musawaseke akafunsa za anamapopa. Ndipo amene aopa kupereka magazi poopa kumva zotsatira zake adziwe kuti zotsatirazo amauzidwa iye yekha mwachinsinsi. Sizibwera kwa ahedi kapena kwa aphunzitsi.

Teremu ikubwerayi, Insha Allah, achipatala adzabweranso. Tagwirizana kuti kalata yodziwitsa makolo izipita kunyumba masabata awiri tsikulo lisanafike, ndipo likagwera m'mwezi wa Ramadhan tidzapempha kuti alisunthe, popeza wofunga sitikufuna afooke. Tapemphanso kuti asanatulutse singano ndi imodzi yomwe, akhale kaye pansi ndi makolo kuholo n'kuyankha mafunso, shehe wa sukulu ali pomwepo. Zitseko zidzakhala zotsegula kwa kholo lililonse lofuna kuona ndi maso ake. Mayi a pa benchi aja tawatumizira uthenga wapadera kudzera kwa mwana wawo, ndipo ayankha kuti adzabwera ndi anzawo awiri.