Chiwanda chinalankhula ndi mawu a amayi ake

Masabata apitawa mayi wina wa mumpingo mwathu anandiimitsa pakhomo mapemphero atatha. Anati apeza mwana wawo wa zaka 16 akuonera filimu ya mizukwa, ndipo amafuna ndilengeze paguwa kuti mafilimu onse otere ndi khomo la Satana. Ndinawapempha kuti ndiwayankhe polemba, chifukwa yankho langa silikwana m'mawu awiri.

Ambiri mukudziwa kuti mkati mwa sabata ndimagwira ntchito ya ulonda usiku. Ukamachezera wekha m'chinyumba chopanda anthu, mapaipi akulira, chitseko chikugogoda ndi mphepo, umazindikira kuti mantha ambiri umachita kubwera nawo. Ine chimene chimandisowetsa mtendere 3 koloko m'bandakucha ndi foni ya kumudzi imene sindinayankhe masana chifukwa ndinadziwa kuti akufuna ndalama za kuchipatala. Mafilimu ena a mtunduwu amachidziwa chimenechi, mwinanso kuposa ena a ife alaliki. Mundikhululukire, ndiulula mathero a angapo.

Tiyambe ndi The Exorcist ya 1973, imene anatsogolera William Friedkin kuchokera m'buku la William Peter Blatty. Anthu amakumbukira kamtsikana Regan, ka zaka 12, kogwidwa ndi chiwanda ku Georgetown mumzinda wa Washington. Koma munthu amene filimuyo ikumulondola kwenikweni ndi wansembe Damien Karras, amenenso ndi dokotala wa matenda a maganizo. Amayi ake, nkhalamba yochokera ku Greece, akukhala okha m'kachipinda ku New York. Iye ali kutali ndi ntchito, ndalama zowaikira m'chipatala chabwino alibe, ndipo amwalira iye palibe. Tsono akafika pabedi la Regan, chiwanda chija sichimuopseza ndi nyanga kapena moto. Chimalankhula ndi mawu a amayi ake.

Ndani mwa ife kuno amene sakulidziwa balali? Tilipo amene tinaonera maliro a mayi athu pa WhatsApp, foni ili m'manja mwa mphwathu, netiweki ikudukaduka. Tilipo amene tinawerengera mtengo wa tikiti, tinaganiza za mapepala athu, n'kusankha kutsala. Sitikamba zimenezi pa umboni wa Lamulungu. Timavina, timapereka chakhumi, koma usiku mlanduwo umabwera. Filimu ija inanena zoona pamenepa: mdani amalowera pachilonda chimene munthu akubisa.

His House ya 2020, ya Remi Weekes, inafika pafupi kwambiri. Bol ndi mkazi wake Rial athawa nkhondo ku South Sudan, awoloka nyanja pa bwato, ndipo boma la Britain lawapatsa nyumba yakutha ndi malamulo okhwima, kuphatikizapo loti asagwire ntchito. M'makoma mukumveka mawu. Rial akuti ndi mfiti ya usiku imene kwawo amaitcha apeth, yabwera kudzatenga ngongole. Kumapeto timadziwa ngongoleyo: kamtsikana kamene kanamira panyanja sikanali kawo. Bol anakanyamula pamalo okwerera basi kuti apeze malo, mayi wake weniweni akuthamangira basiyo akulira. Bol anayesa kugula zovala zatsopano, kudya ndi foloko, kutentha katundu wa kwawo. Sizinathandize mpaka atavomera chimene anachita. Ena mwa ife tinafika kuno ndi dzina losakhala lathu, kapena ndi ndalama ya m'bale imene sitinabweze mpaka lero. Nyumba yotere mungaidzoze mafuta ngodya zonse zinayi, koma tulo simupeza.

Pa nkhani ya matenda ndi pamene ndikufuna mundimvetsere bwino. Relic, filimu ya ku Australia ya 2020, anaipanga Natalie Erika James ataona agogo ake akudwala Alzheimer's. Gogo Edna asowa masiku angapo, abwerera osadziwa kumene anali, m'nyumba mwadzaza timapepala todzikumbutsa, nkhungu yakuda ikufalikira m'makoma ndi pathupi pawo. Mwana wawo Kay ndi mdzukulu Sam akuona munthu amene amamukonda akusanduka mlendo woopsa. Pomaliza Kay ali ndi mpata wothawa, koma abwerera m'nyumbamo kukagona pambali pa amayi ake. Ine ndinalira pamenepo. Ndinakumbukira kuti kwathu agogo oiwalaiwala, opezeka m'mawa pabwalo la eni osavala bwino, ambiri amatchedwa mfiti, ena amamenyedwa, ena anaphedwa kumene. Matenda a ubongo alipo ndipo ali ndi dzina. Mu The Exorcist momwe, mayi wa Regan anayamba wapita kwa madokotala, anamuyeza kambirimbiri, ndipo Karras mwiniyo sanathamangire kunena kuti ndi chiwanda. Ife a Pentekoste timakhulupirira kuti ziwanda zilipo ndipo zimatuluka m'dzina la Yesu. Pachimenecho sindibwerera m'mbuyo. Koma ndikaona m'bale wasiya mankhwala a khunyu kapena a shuga chifukwa wina wamuuza kuti ndi mizimu ya kumtundu, mtima umandiwawa. Ndidzakupemphererani, ndipo Lolemba ndidzakuperekezani kwa dokotala.

Tsono musamve ngati ndikuvomereza zonse. Ambiri mwa mafilimuwa ndi zinyalala, magazi okhaokha ndi kudzidzimutsa anthu kuti ndalama ilowe. Ngakhale abwinowo ali ndi chiphunzitso chimene sindigwirizana nacho. The Sixth Sense ya 1999, ya M. Night Shyamalan, ndi nkhani yokhudza mtima, koma imaphunzitsa kuti akufa amangoyendayenda pakati pathu kudikira wamoyo awathandize kumaliza nkhani zawo. Baibulo silitero. Werengani Luka 16 za Lazaro ndi mwini chuma uja, muwerengenso 1 Samueli 28 muone mmene zinamuthera Sauli atapita kwa wobwebweta wa ku Endori. Nthawi yopepesa ndi yobweza ngongole ndi ino tili ndi mpweya. Ndiponso ngati mumalota zoopsa, ngati mwangoferedwa kumene, kapena mtima wanu ukukutsutsani, musaonere. Palibe chimene mutaye. Ana aang'ono ayi ndithu, ndipo zaka zimene amalemba pafilimu muziziwerenga.

Kwa inu mayi amene munandifunsa: mnyamata wanuyo anabwera kuno ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo agogo ake amene anamulera anamwalira chaka chatha iye osapita kumaliro. Munandiuza nokha kuti kuyambira pamenepo sanatchulepo dzina lawo. Musanamulande foni, khalani naye pansi, mumufunse kuti filimuyo ikukamba za chiyani ndipo ndi pati pamene panamugwira mtima. Mukafuna, ndibwera Loweruka madzulo ndisanapite ku ntchito, tidzakhale atatu. Mudzatulutse zithunzi za agogo aja.