Utsi wa Fodya M'nyumba

M'miyezi yozizira ya June ndi July banja limasonkhana m'nyumba madzulo, citseko cili cotseka. Atate akatha kudya nsima amayatsa ndudu yao, naganiza kuti alikukoka fodya okha. Koma si tero ai. Khanda limene lili kumsana kwa amace, ndi mkulu wace amene alikuwerenga pafupi ndi nyali, onsewo alikukoka fodya yemweyo, ngakhale sanampemphe.

Mu utsi wa fodya muli mankhwala a mitundu yoposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amabala nthenda ya khansa. Mwana amapuma mofulumira kuposa munthu wamkulu, ndiponso mapapu ace ali osakhwima. Cotero ana a m'nyumba ya utsi amadwala kawirikawiri cifuwa, cibayo ndi mphumu, ndipo makanda ena amafera m'tulo. Palinso nthenda ya m'khutu, imene anthu ambiri saiganizira. Khutu likamatuluka mafinya nthawi ndi nthawi, mwana samva bwino mau a aphunzitsi, ndipo anzace amamuyesa mbuli, pamene colakwa cili ku utsi wa kunyumba.

Makolo akale sanadziwe zimenezi. M'caka ca 1950 anthu awiri ophunzira a ku London, Richard Doll ndi Austin Bradford Hill, anaonetsa kuti kukoka fodya kumabala khansa ya m'mapapu. Kenaka mu 1981 dotolo wa ku Japan, Takeshi Hirayama, anapeza kuti akazi osakoka fodya, okwatiwa ndi amuna okoka, analikudwala nthendayo kuposa akazi anzao. Lero bungwe la World Health Organization likuti anthu oposa miliyoni imodzi amafa caka ndi caka cifukwa ca utsi wa fodya wa anthu ena.

Mu 2008 Boma la Zambia linaika lamulo loletsa kukoka fodya pa malo osonkhana anthu. Lamulolo ndi labwino, koma wapolisi salowa m'nyumba ya munthu kukaona amene wayatsa ndudu pafupi ndi khanda. M'nyumba lamulo liyenera kucokera kwa eni ace. Ena amati kutsegula zenera n'kokwanira. Si kokwanira, pakuti utsi umakakamira m'mabulangeti, m'zobvala ndi m'zipupa.

Nanga atate otere atonzedwe kodi? Iai. Mu fodya muli mankhwala ochedwa nikotini, amene amafika ku ubongo m'kamphindi kocepa, namanga munthu monga mbuzi pa cingwe. Ambiri anayamba ali anyamata, asanadziwe kanthu. Ndiponso ku Chipata ndi ku Lundazi alipo alimi amene aphunzitsa ana ao ndi ndalama za fodya, ndipo kwa iwo fodya si cinthu cacilendo kapena ca manyazi. Munthu wonyozedwa ndi a m'nyumba mwace saleka fodya. Amangopsa mtima, kapena amakokera mobisa.

Mwana wa sukulu sangalamule atate ace, ndipo sayenera kuyesa. Koma angathe kudikira nthawi imene mtima wao uli pansi, nagwada, nanena kuti, "Atate, kusukulu taphunzira kuti utsi ndiwo ukulitsa cifuwa ca mng'ono wanga. Kodi simungakokere panja?" Ngati aopa, auze amai, kapena ambuye, kapena amalume, pakuti mau amene abvuta pakamwa pa mwana amapepuka pakamwa pa wamkulu. Pempho loyamba likhale laling'ono lotero. Bambo amene angakane kuleka fodya lero lomwe sakana kawirikawiri kutuluka panja cifukwa ca khanda lace. Akulu naonso aleke kutuma ana kukagula ndudu ku sitolo, kapena kukaiyatsa pa moto, pakuti mwana woyatsira atate ndudu wayamba kale kukoka.

Kutuluka panja ndi ciyambi cabe; cofunika ceniceni ndico kulekeratu. Woleka asankhe tsiku, auze banja lonse, ndipo tsikulo likafika ataye ndudu zotsala ndi kaliwo yemwe. Masiku atatu oyamba ndiwo owawitsa. Munthu amakwiya msanga, tulo timasowa, mutu umawawa. Apa ndipo pamene ana angathandize koposa: asacite phokoso, asadabwe ndi ukali wa atate ao, ndipo adziwe kuti si iwo alakwa. Cilakolako ca fodya cimabwera mwamphamvu, koma cimapita patatha mphindi zowerengeka. Pa mphindi zimenezo cikho ca madzi, nsawawa zokazinga, mzimbe, kapena kuyenda kukaona ng'ombe ku khola, zimamuolotsa munthu. Anamwino ndi madotolo a ku cipatala amalangizanso anthu ofuna kuleka, ndipo si manyazi kukawafunsa.

Mwana wodziwa masamu ali ndi cida cina. Ndudu zisanu pa tsiku zimakwana 1,825 pa caka. Afunse mtengo wa ndudu imodzi, aculukitse, ndipo aonetse atate ndalamazo pambali pa mtengo wa thumba la feteleza kapena wa nsapato za sukulu. Amuna ambiri amene samva za nthenda amamva za ndalama.

Anthu ambiri amene analeka fodya sanaleke ulendo umodzi, anagwa, nayesanso. Atate akabwerera ku ndudu patatha mwezi, banja lisawaseke, koma lisankhe nao tsiku lina. Lamulo la m'nyumba lokha lisasinthe, ndipo likhudze ndi alendo omwe. Mlendo wokoka fodya alandiridwe ndi ulemu wonse, apatsidwe madzi, ndipo mpando wace auike panja, patsinde pa mango.