Aroma 13 ndi ya olemekezeka okha?

Ndinali pa maliro ena kufupi ndi Ligowe, kwathu ku Neno. Mlaliki atangoona kuti pa mpando wa kutsogolo pakhala olemekezeka amene anagula bokosi, anasiya vesi ya kuuka kwa akufa n'kutitsegulira Aroma 13, kumene Paulo akulamula kuti munthu azimvera olamulira chifukwa ulamuliro umachokera kwa Mulungu. Ati Mkhristu weniweni sadandaula za msewu, amangopemphera. Zoona zimenezo? Chikhalirecho bokosilo linachita kukwera mtunda pa mapewa a anyamata, galimoto itatitimira m'matope.

Ine ndiye ndikukana. Paulo sindikulimbana naye, ndikulimbana ndi kuwerenga Baibulo kwa diso limodzi, linalo lili pa envulopu.

Neno si malo oti munthu angatinamize kuti Akhristu amawerenga mofanana. Azibambo a Montfort anafika kuno mu 1906, a Seventh-day Adventist anakhazikika pa Matandani mu 1908, ndiye onjezanipo a CCAP, Mboni za Yehova ndi a Pentekosite a dzulodzulowa. Wina agwira Buku Lopatulika, wina Malembo Oyera, wina Buku Loyera. Funsani mkulu wa Sabata za chaputala 13, akutsegulirani Chivumbulutso, kumene ulamuliro wa dziko ukuoneka ngati chilombo chotuluka m'nyanja. Nambala ndi yomweyo, buku ndi lomwelo. Nanga bwanji alaliki athu amaloweza 13 imodzi yokha?

Amene tili ndi imvi tikukumbuka kumene kuwerenga kotereku kunatifikitsa. Mu 1967 boma la Kamuzu linaletsa Mboni za Yehova chifukwa chokana kugula khadi ya Malawi Congress Party. Iwo ankati msonkho tipereka, malamulo tisunga, koma khadi ya chipani ayi, pakuti pa Machitidwe 5 Petro anaika kumvera Mulungu patsogolo pa kumvera anthu. Mu 1972 zinafika poipa: kuchotsedwa ntchito, kutenthedwa nyumba, kumenyedwa ndi ayufi ndi a Payoniya, mpaka zikwizikwi kuthawira ku Sinda Misale ku Zambia ndi ku Mlangeni ku Mozambique. Ena anakatsekeredwa ku Dzaleka. Tsono ndikufunseni, a mipingo inafe tinali kuti? Tinali m'tchalitchi, khadi ili m'thumba, tikuimba. Ambiri mwa omenyawo anali obatizidwa bwinobwino, ena a kwaya. Tinkati Mbonizo n'zouma mutu, zadziputira zokha.

Kunena zoona, ine ndi Mboni sitigwirizana pa nkhani yokana kuvota. Chitsime chikaphwa ludzu silisankha mpingo, ndiye kusiyira anzako kusankha mtsogoleri ine ndimakuona ngati kuthawa ntchito. Koma iwowa kuwerenga kwawo anakulipira ndi misana yawo mpaka chiletso chinachotsedwa mu 1993. Mlaliki wa pa maliro uja kuwerenga kwake kunamutayitsa chiyani? Anabwerera kwawo pa galimoto ya olemekezeka.

Ndiye pali aja amati mpingo usalowe ndale. Aa, inu! Pa 8 Marichi 1992 maepiskopi a Katolika, pamodzi ndi Ambuye James Chiona a ku Blantyre, anatulutsa kalata yodzudzula umphawi, kusowa chilungamo ndi kutseka anthu pakamwa. Boma linati kalatayo ndi youkira, aliyense wopezeka nayo amangidwe, ndipo mu Epulo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anapitikitsidwa m'dziko muno. Masinodi a Blantyre ndi Livingstonia anaima ndi maepiskopiwo, n'kuthandiza kuyambitsa Public Affairs Committee, pomwe Sinodi ya Nkhoma inakakamira ku mbali ya Ngwazi. CCAP imodzi, koma mayankho awiri. Pa 14 Juni 1993 tinavotera nyali pa riferendamu. Amene lero akuti abusa atseke pakamwa akulankhula ndi pakamwa pamene kalata ija inawatsegulira.

Ndipo onetsetsani, vesi imeneyi imasamuka ngati nyama ya galu. Chipani chawo chikakhala m'boma, Aroma 13 ili pa gome Lamulungu lililonse. Chikangogwa pa chisankho, abusa omwewo atulukira mwadzidzidzi mneneri Amosi ndi Natani wodzudzula Davide. Kodi Paulo amasintha maganizo zaka zisanu zilizonse?

Kusiyana pa kamvedwe ka malembo ine sikundiopsa. Wa Sabata, wa Katolika ndi wa Mboni amagulitsa mbatata ndi manachesi pa msika umodzi pa Zalewa, osamenyana. Chimene ndikukana n'kutenga maliro a mwana wa mwini n'kuwasandutsa msonkhano wa chipani, anamfedwa ali pansi akulira. Tsiku lina mlalikiyo akadzatsegulanso pa 13, ine ndidzaimika dzanja n'kufunsa kuti, abusa, ya Aroma kapena ya Chivumbulutso?